Namwino wofufuza za umoyo wa anthu a transgender: ntchito yake n'chiyani, ndipo mafunso ake amachokera kuti?

M'miyezi yoyambirira ya chaka cha 2025, boma la America linaimitsa ndalama za ntchito zakafukufuku mazanamazana zomwe zinkadutsa ku National Institutes of Health, bungwe lolipirira kafukufuku wa zaumoyo m'dzikolo, lomwe mwachidule limatchedwa NIH. Zambiri mwa ntchito zomwe zinakhudzidwa zinali zofufuza umoyo wa anthu a transgender. Boma linati kafukufuku wotere sakugwirizananso ndi zolinga zake, ofufuza ena anakamang'ala, ndipo nkhani inafika m'makhoti.

Ofufuza za nkhani imeneyi ndi osiyanasiyana: madokotala, akatswiri a zamaganizo, owerengera kufala kwa matenda, komanso anamwino. Apa pa anamwino ndi pamene ambiri timakodwa. Namwino timamudziwa ndi jakisoni, kuyeza BP ndi kuchezera usiku pa wodi. Nanga namwino wa kafukufuku ndi wotani? Ndipo pa nkhani yomwe yagawanitsa andale, zipembedzo ndi mabanja, iye amafufuzapo chiyani?

Mbali yoima pa mkanganowu aliyense adzasankha yekha. Chomwe ndikufuna ine n'chakuti tikamamva phokosolo tizidziwa ntchito imene ikukanganiridwayo, chifukwa gawo lalikulu la ntchitoyi lili pa mafunso wamba a m'chipatala, omwe ena mwa iwo mpaka lero alibe yankho lokwanira.

Tikunena za ndani?

Munthu wa transgender ndi amene mmene amadzidziwira mumtima mwake, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, sizigwirizana ndi zomwe zinalembedwa tsiku lomwe anabadwa. Wobadwa ndi thupi lachimuna koma akukhala ngati mkazi amatchedwa mkazi wa transgender. Wobadwa ndi thupi lachikazi koma akukhala ngati mwamuna amatchedwa mwamuna wa transgender. Palinso ena omwe sadziika mbali iliyonse. Izi n'zosiyana ndi nkhani ya yemwe munthu amakopeka naye pachikondi, ndipo n'zosiyananso ndi za ana obadwa ndi ziwalo zosaoneka bwino ngati zachimuna kapena zachikazi. Zitatuzi zimasakanizidwa kawirikawiri, chonsecho kuchipatala chilichonse chili ndi mafunso akeake.

Si onse amene amasintha thupi. Ena amangosintha dzina ndi kavalidwe. Ena amamwa kapena kubayitsa mahomoni, timadzi ta m'thupi totsogolera zinthu monga ndevu, mawu, mawere ndi minofu: estrogen kwa ofuna maonekedwe achikazi, testosterone kwa ofuna achimuna. Enanso amachitidwa opaleshoni.

Achipatala anayamba kalekale kulemba za anthu amenewa. Magnus Hirschfeld anatsegula malo ofufuzira nkhani zoterezi ku Berlin mu 1919, ndipo a Nazi anawaononga mu 1933 n'kutentha mabuku ake. Mu May 2019, mayiko a m'bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anavomereza buku latsopano la mayina a matenda lotchedwa ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu January 2022. M'bukuli nkhani ya transgender inachotsedwa m'chaputala cha matenda a maganizo n'kuikidwa m'chaputala cha umoyo wokhudza kugonana. Sanaichotseretu m'bukumo, kuti wofuna thandizo la kuchipatala akhalebe ndi polembedwa.

Namwino ndi manambala anayamba liti kuyendera limodzi?

Pa nkhondo ya ku Crimea, Florence Nightingale anafika pa chipatala cha asilikali a Britain ku Scutari mu 1854. Atabwerera kwawo anasonyeza ndi ziwerengero kuti asilikali ambiri sanafe ndi zilonda za kunkhondo, koma ndi matenda opeweka monga kolera ndi kamwazi, obwera ndi uve. Mu 1858 anakhala mkazi woyamba kulandiridwa m'bungwe la akatswiri a ziwerengero ku London. Mutu wa ntchito ya namwino wofufuza ndi womwewo mpaka lero: kuona chinthu pa wodi, kuchiwerenga bwino, n'kupita nacho kwa omwe angachisinthe. Ku America magazini ya Nursing Research inayamba kutuluka mu 1952, ndipo mu 1986 kunakhazikitsidwa likulu la kafukufuku wa unamwino pansi pa NIH, lomwe mu 1993 linakwezedwa kukhala National Institute of Nursing Research.

Ulendo wofika pa ntchitoyi ndi wautali. Munthu amayamba ndi digiri ya unamwino, ndipo ambiri amagwira kaye ntchito m'chipatala zaka zingapo. Kenako amabwerera kusukulu mpaka kufika pa PhD, digiri yomwe cholinga chake ndi kusula munthu kuti azitha kufufuza payekha, ndipo imatenga zaka 4 kapena kuposerapo. Akamaliza, ambiri amakhalanso zaka ziwiri kapena zitatu pansi pa pulofesa wamkulu, akukhwimitsa luso. Akalembedwa ntchito pa yunivesite ya ku America amayambira pa udindo wotsika wa upulofesa, n'kupatsidwa zaka pafupifupi 6 kuti aonetse zipatso asanakhazikitsidwe pa ntchito. Zipatso zake ndi zitatu: ophunzira omwe waphunzitsa, zomwe wasindikiza, ndi ndalama za kafukufuku zomwe wapeza.

Ndalamazo sizibwera wamba. Amalemba chikalata chachitali chofotokoza funso lake, njira yolifufuzira ndi mtengo wake, ndipo akatswiri anzake amachiunika n'kuchipatsa malikisi. Kwa zaka zambiri ku NIH opambana ankakhala pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse. Thandizo lalikulu lodziwika kwambiri, lotchedwa R01, nthawi zambiri silipitirira zaka 5, ndipo ndi lomwe limalipira omuthandiza, mayeso a ku labotale ndi mayendedwe a otenga nawo mbali. Akapeza zotsatira amazitumiza ku magazini ya zasayansi, komwe akatswiri ena amazipenda, kumubwezera kuti akonze, kapena kuzikana. Kuchokera pa funso kufika pa pepala losindikizidwa pangathe kupita zaka zingapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anamwino ofika pa PhD ndi ochepa. Ku America sakwana 1 pa 100 alionse. Mwa ochepawo, osankha nkhani ya transgender ndi ochepetsetsa.

Mabuku anali chete

Mu 2010, Michele Eliason, Suzanne Dibble ndi Jeanne DeJoseph anawerenga zomwe magazini 10 otchuka a unamwino anasindikiza kuyambira 2005 mpaka 2009. Pa nkhani pafupifupi 5,000 anapeza 8 zokha zonena za umoyo wa gulu lomwe limatchedwa LGBT, lophatikiza amuna kapena akazi okondana okhaokha ndi anthu a transgender. Chaka chotsatira, kafukufuku wa m'magazini ya JAMA anapeza kuti sukulu za udokotala ku America ndi Canada zinkaphunzitsa za gululi maola pafupifupi 5 pa maphunziro onse. Wina wa mu 2015, wofunsa aphunzitsi a unamwino, anapeza maola awiri ndi pang'ono. Mu 2011 bungwe la Institute of Medicine linatulutsa lipoti lonena poyera kuti umboni pa umoyo wa anthuwa ndi wochepa, ndipo mu 2016 NIH inawaika pa mndandanda wa magulu otsalira pa zaumoyo omwe ayenera kufufuzidwa mwapadera.

Tanthauzo lake pa wodi n'lakuti namwino womaliza sukulu, wakhama ndi wamtima wabwino, ankatha kukumana ndi wodwala wotere asanawerengepo tsamba ngakhale limodzi lomutsogolera.

Mafunso amabadwira pa bedi la wodwala

Tiyerekeze mkazi wa transgender wa zaka 40, yemwe wakhala akumwa estrogen ndi mankhwala otsitsa testosterone kwa zaka zitatu. Wabwera akudandaula kutopa, ndipo namwino wamutenga magazi. Zotsatira zikuonetsa kuti hemoglobin, chinthu chonyamula mpweya wabwino m'magazi, ili pa 12.4. Pa mlingo wa WHO, mwamuna amatengedwa kuti ali ndi magazi ochepa ikatsika pansi pa 13, pamene mkazi wosayembekezera ikatsika pansi pa 12. M'kompyuta wodwalayu analembedwa kuti ndi mwamuna, choncho nambala ija yatuluka yofiira. Kodi magazi amuchepera, kapena ndi mmene ayenera kukhalira tsopano? Namwino akasokoneza apa, wodwala angathe kuyezedwa zambirimbiri ndi kupatsidwa mankhwala osafunika, pamene chomwe chikumutopetsa chenichenicho chaphonyedwa. Kafukufuku wasonyeza kuti mahomoni amasunthadi hemoglobin m'miyezi yochepa chabe, kupita ku mlingo wa akazi kwa omwa estrogen, ndi ku mlingo wa amuna kwa olandira testosterone. Yankho limeneli silinabwere lokha. Wina anachita kutsata odwala, kuwayeza mobwerezabwereza, n'kulemba.

Pa impso ndi povutirapo. Mphamvu ya impso imawerengedwa kuchokera ku creatinine wa m'magazi, zotsalira zochokera ku minofu zomwe impso zimasefa, ndipo masamu ake amafunsa ngati wodwala ndi mwamuna kapena mkazi, chifukwa creatinine amatsata kuchuluka kwa minofu. Tsono testosterone imaonjezera minofu. Wodwala amene wakhala akubayitsa kwa chaka chathunthu aikidwe mbali iti? Mlingo wa mankhwala ena umadalira yankho la funso limeneli, ndipo akatswiri akadali mkati molifufuza.

Pa khansa, lamulo lake n'losavuta kulinena: chiwalo chomwe chilipo chiyezedwe. Mwamuna wa transgender yemwe sanachotse chiberekero angathe kudwala khansa ya khomo la chiberekero. Mkazi wa transgender amakhalabe ndi prostate, kachiwalo kachimuna kokhala pansi pa chikhodzodzo, ngakhale atachitidwa opaleshoni. Kulitsata ndiye kovuta. Ku England, kwa zaka zambiri makalata oitanira anthu kukayezetsa khomo la chiberekero ankapita kwa okhawo olembedwa kuti ndi akazi m'kaundula wa dokotala wawo, moti wosintha n'kulembedwa kuti ndi mwamuna kalata sinkamupeza. Pa chipatala cha Fenway Health ku Boston anapeza kuti mayeso a amuna a transgender ankabwerera kuchokera ku labotale osawerengeka kawirikawiri kuposa a akazi, ndipo izi zinkayenderana ndi kutalika kwa nthawi imene munthu wakhala pa testosterone. Mukaonjeza kuti ambiri kuyezako kumawapweteka ndi kuwachititsa manyazi, mupeza munthu woti sabwereranso. N'chifukwa chake ofufuza anayamba kuyesa njira yoti munthu adzipime yekha ndi kathonje, n'kukapereka kuti ayeze kachilombo ka HPV komwe kamayambitsa khansayi.

Testosterone nthawi zambiri imaimitsa msambo, koma si njira yakulera, ndipo alipo omwe atenga pakati akuganiza kuti sizingatheke. Azamba ayenera kudziwa zimenezi. Kafukufuku wa mu 2018, wotsata odwala a m'zipatala za Kaiser Permanente ku Georgia ndi California m'dziko la America, anapeza kuti akazi a transgender omwa estrogen amavutika kwambiri ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha poyerekeza ndi anthu ena. Wa ku Amsterdam wa mu 2019 anapeza kuti khansa ya m'mawere imawagwira kuposa amuna koma mocheperapo poyerekeza ndi akazi. Wa mu 2013, wosonkhanitsa zotsatira za mayiko 15, anapeza kuti pafupifupi 19 pa 100 alionse mwa akazi a transgender omwe anayezedwa anali ndi HIV.

Palibe limodzi mwa mafunso amenewa lomwe limadikira kuti namwino ayambe wagamula mkangano wa andale kapena wa zipembedzo. Wodwala wafika kale, wakhala pa benchi, ndipo 12.4 ija ikufuna woitanthauzira.

Mbali ina ya kafukufuku siyezedwa ndi magazi. Ofufuza amakhala pansi ndi anthu 20 kapena 30, mmodzimmodzi, kuwafunsa momwe ulendo wawo wa kuchipatala unayendera. Mawu amajambulidwa, amalembedwa liwu ndi liwu, kenako ofufuza awiri kapena atatu amawerenga aliyense payekha, kuika zizindikiro pa mfundo zobwerezedwa, n'kufananitsa zomwe aona. Njira imeneyi anamwino amaigwira bwino, pajatu kumvetsera wodwala ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Zotuluka zake zimamveka zazing'ono: dzina lakale loitanidwa mokweza pamaso pa anthu pamalo odikirira, fomu yopanda polemba, kusowa wodi yomugoneka, kufunsidwa za kumaliseche pamene wabwera ndi chifuwa. Komatu zazing'onozo ndi zomwe zimagamula ngati wodwala shuga kapena BP adzabweranso kudzatenga mankhwala mwezi wamawa.

Kuwerenga anthu omwe sanawerengedwepo

Mu 2015, anthu 27,715 anayankha mafunso a kafukufuku wotchedwa U.S. Transgender Survey. Mwa omwe anaonana ndi achipatala chaka chimenecho, 33 pa 100 alionse anati anakumana ndi chowawa china chifukwa chokhala a transgender, monga kukanizidwa thandizo, kunyozedwa, kapena kuchita kuphunzitsa okha wowathandizayo. Anthu 23 pa 100 anati anadwala koma sanapite kuchipatala poopa kuchitidwa chipongwe. Ndipo 40 pa 100 anati anayesapo kudzipha pa moyo wawo, pamene mwa anthu onse a ku America chiwerengerocho chinali chosafika pa 5.

Manambala amenewa ndi olemera, ndipo ndikuona kuti aliyense, kaya ali mbali iti, ayenera kuima kaye akawamva. Koma wofufuza woona mtima amanenanso malire ake. Mafunsowa anayankhidwa pa intaneti ndi omwe anamva za iwo n'kufuna kuyankha. Sanasankhidwe mwa maere, choncho sitinganene motsimikiza kuti akuimira aliyense. Chinanso, kufunsa anthu kamodzi kuli ngati chithunzi: chimaonetsa omwe analipo ndi mmene ankaonekera tsiku limenelo, koma chomwe chinayamba ndi chomwe chinatsatira chimaoneka pa vidiyo. Vidiyo ya kafukufuku ndi kutsata anthu omwewo kwa zaka zambiri, monga momwe chipatala cha ku Amsterdam chasungira mbiri ya odwala ake kuyambira 1972. Ntchito yotere ndi yodula, ndipo ikadukira panjira, zaka zomwe zadumphidwazo sizibwezedwa.

Ngakhale kungodziwa kuti anthuwa alipo angati ndi ntchito. Ofufuza ambiri amalimbikitsa kufunsa kawiri: munalembedwa kuti ndinu ndani pobadwa, nanga pano mumadzidziwa kuti ndinu ndani? Canada inachita zimenezi pa kalembera wa mu 2021, ndipo inapeza anthu 100,815 a zaka 15 kupita m'tsogolo, kutanthauza pafupifupi mmodzi pa anthu 300 alionse. England ndi Wales nawo anafunsa chaka chomwecho n'kupeza anthu pafupifupi 262,000. Koma patapita nthawi zinaoneka kuti anthu osadziwa bwino Chingelezi ankayankha kuti ndi a transgender mochuluka modabwitsa, zomwe zinasonyeza kuti ena funsolo sanalimve. Mu September 2024 chiwerengerocho chinachotsedwa pa mndandanda wa ziwerengero zotsimikizika za boma. Funso limodzi lolembedwa mokhota linasokoneza ntchito ya dziko lonse. Ndiye mukamva kuti wofufuza watha miyezi akuyesa mafunso ake pa anthu ochepa, kuwafunsa kuti mwamva chiyani pamenepa, dziwani kuti sakutaya nthawi.

N'chifukwa chiyani mavuto a maganizo ali ochuluka chonchi?

Ganizo lomwe ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito linafotokozedwa bwino ndi Ilan Meyer mu 2003, ndipo mu 2012 Michael Hendricks ndi Rylan Testa analikonza kuti likwanire anthu a transgender. Limati munthu wa m'gulu losalidwa amasenza katundu woonjezera pamwamba pa mavuto omwe aliyense ali nawo. Katundu wina amachokera kunja: kuthamangitsidwa pakhomo, kuchotsedwa ntchito, kumenyedwa. Wina amamera mkati: kukhala tcheru nthawi zonse podikira chipongwe, kubisa, kufika podzida wekha. Zikaunjikana kwa zaka zimaononga tulo, zimabweretsa nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo ena amathawira ku mowa ndi fodya. Ganizoli limanenanso za zoteteza, monga banja losataya mwana wake ndi anzako okumvetsa, ndipo kafukufuku wambiri wapeza kuti omwe ali ndi achibale owachirikiza amakhala ndi mavuto ocheperapo.

Akatswiri ena amachenjeza kuti kusalidwa sikungafotokoze zonse. Pali odwala omwe amakhala ndi mavuto ena a maganizo omwe anayamba kale kapena ali ndi gwero lina, ndipo kuwaunjika onse pa chifukwa chimodzi kungachititse kuti vuto lofuna thandizo lakelake liphonyedwe. Kulekanitsa ziwirizi ndi imodzi mwa ntchito zovuta kwambiri pa kafukufukuyu, ndipo sikutheka ndi kufunsa kamodzi.

Pomwe akatswiri eni ake akusiyana

Pa akuluakulu, mabungwe ambiri a zaumoyo amavomereza kuti mahomoni ndi opaleshoni ndi thandizo lomwe munthu angasankhe atafotokozeredwa ubwino ndi kuopsa kwake. Bungwe la akatswiri a umoyo wa anthu a transgender lotchedwa WPATH, lomwe linatulutsa ndondomeko yake yoyamba ya kaperekedwe ka thandizoli mu 1979, linatulutsa ya nambala 8 mu 2022.

Mkangano waukulu uli pa ana ndi achinyamata, makamaka pa mankhwala oimitsa kutha msinkhu. Finland mu 2020 ndi Sweden mu 2022 anakhwimitsa kaperekedwe kake. Ku England, Hilary Cass, dokotala wa ana, anatsogolera kauniuni yemwe lipoti lake linatuluka mu April 2024 ndipo linati umboni wa ubwino wa mankhwalawa ndi wofooka. Mwezi umodzi lipotilo lisanatuluke, NHS ya England, yomwe imayendetsa zipatala za boma kumeneko, inali itasiya kale kuwapereka ngati thandizo la nthawi zonse. Ku America, mabungwe a madokotala monga American Academy of Pediatrics ndi Endocrine Society akhala akuchirikiza thandizoli kwa achinyamata ounikidwa bwino, pamene zigawo zoposa 20 za dzikolo zaletsa, ndipo mu June 2025 khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo linalola kuti lamulo loletsa la chigawo cha Tennessee ligwire ntchito.

Umboni ukuvuta chifukwa chiyani? Njira yodalirika kwambiri yoyesera mankhwala ndi kugawa odwala m'magulu awiri mwa maere, ena n'kulandira mankhwala enieni, ena ongofanana nawo, popanda wodziwa yemwe walandira chiyani. Apa sizitheka bwino, chifukwa thupi limaulula lokha ngati munthu akutha msinkhu kapena ayi. Odwala ake ndi ochepa, ena amasamuka, ena amasiya kubwera, ndipo wofufuza sadziwa ngati wosowayo ali bwino kapena zinamuvuta. Mbali imodzi ikamva kuti umboni ndi wofooka imati tidikire, mwana sangabwezeredwe zaka zake. Mbali inayo imati kudikira nakonso n'chisankho chokhala ndi zotsatira, ndipo thupi likatha msinkhu silibwerera. Mukafunsa onse awiri chomwe chikusowa, amatchula chinthu chimodzi: kutsata anthu mosamala kwa zaka zambiri.

M'kutsatako muyenera kukhalanso omwe anasiya mahomoni kapena kubwerera mmene analili poyamba. Kafukufuku wa akuluakulu ochitidwa opaleshoni wakhala akupeza kuti onong'oneza bondo ndi ochepa, koma otsutsa amati ambiri sanatsatidwe nthawi yokwanira. Kaya ndi ochepa kaya ndi ambiri, nawonso ndi odwala ofuna chisamaliro. Pamenepa ndi pamene ndimaona kulemera kwa ntchito ya wofufuza: ayenera kulemba zomwe wapeza, ngakhale zisakomere omwe amamuchemerera.

Chilolezo, chinsinsi ndi kukhulupirirana

Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera kuyamba wavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, potsata mfundo zonga za m'chikalata cha Helsinki cha mu 1964. Munthu amafotokozeredwa zonse, amavomera mwa kufuna kwake, ndipo ali ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse osataya thandizo lake la kuchipatala. Pa gulu laling'ono chonchi kufufuta dzina sikokwanira. Mukalemba kuti mkazi wa transgender wa zaka 52, mphunzitsi, wa m'tauni yaing'ono, ndiye kuti mwamutchula. Ofufuza amachita kusakaniza zaka m'magulu, kubisa malo ndi kudula mawu ena. M'mayiko omwe malamulo kapena anthu angamuchitire munthu wotere nkhanza, fayilo yotayika ingathe kumuphetsa.

Ambiri mwa anthuwa ali ndi zifukwa zokayikira achipatala, choncho ofufuza ochuluka tsopano amakhala ndi kagulu ka alangizi ochokera pakati pawo, kowerenga mafunso asanatuluke ndi kunena ngati kafukufukuyo akuyankha vuto lenileni. Wofufuza amamvera malangizowo, koma zotsatira zimakhala za manambala ndi mawu omwe wasonkhanitsa.

Akakalamba

Gawo lomwe likungotseguka kumene ndi la ukalamba. Omwe anayamba mahomoni m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tsopano ndi agogo. Munthu amene anachotsedwa ziwalo zopanga mahomoni akasiya kulandira ena, mafupa ake amafooka. Akapitiriza, pamabwera mafunso a mtima ndi mitsempha. Mlingo utsitsidwe pa msinkhu wanji, ndipo motani? Wodwala matenda oiwalaiwala, amene sangathenso kufotokoza mbiri ya thupi lake, adzamulankhulira ndani ngati achibale anamutaya kale ndipo alibe ana? M'nyumba zosungira okalamba, womusambitsa ndi kumuveka ayenera kudziwa chiyani kuti asamuchititse manyazi, komanso kuti asaphonye chotupa pa chiwalo chomwe fayilo sinatchule? Dokotala amabwera n'kupita, koma ogwira ntchito zimenezi m'mawa ndi usiku ndi anamwino ndi owathandiza, ndipo mayankho omwe adzagwiritse ntchito ayenera kuyamba afufuzidwa ndi wina amene anaigwirapo ntchitoyo.